Intaneti ikumaduka ndikakhala pa gemu koma speedtest ikuonetsa zabwino, vuto n'chani?

Osagona22:
Anzanga ndithandizeni chonde mutu waima. Ndimasewera magemu a pa intaneti pa PS5, nthawi zina pa laputopu, nde kwa masabata angapo tsopano gemu ikangofika pokoma zonse zimangouma, anthu pa sikirini amaima kenako nkudumphira kwina, nthawi zina imandichotseratu kunena kuti yataya seva. Chodabwitsa nchakuti ndikapanga speedtest nthawi yomweyo ikuonetsa cha m'ma 40 Mbps, YouTube nayo ikuyenda bwinobwino. Zimachitika kwambiri madzulo. Rauta ili pabalaza ine ndimasewerera kuchipinda pa Wi-Fi, pakati pali makoma awiri. Kuzimitsa nkuyatsanso rauta ndapanga mpaka ndatopa, akampani ndinawaimbira akuti kwawo zonse zili bwino. Kodi ndigule rauta ina kapena ndingosintha kampani? Anzanga omwe ndimasewera nawo ayamba kudandaula chifukwa timu ikumaluza ine nditazimirira.

WaMawaya:
Amwene musagule kaye chilichonse, tiyambe tapeza pomwe ikudukira. Speedtest ija imangoyeza kuti data yochuluka bwanji ingadutse m'timasekondi tochepa, pomwe gemu sidya data yambiri, magemu ambiri mukamasewera safika ngakhale 1 Mbps. Chomwe gemu imafuna nchoti timapaketi take tating'onoting'ono tizifika tonse komanso pa nthawi yake. YouTube imatsitsiratu kanema wakutsogolo nkusunga, nde netiweki ikaduka masekondi atatu inu simuona kanthu. Gemu singasunge zakutsogolo chifukwa mnzanuyo sanawombe nkomwe, komanso magemu ambiri amayendera njira yotumizira data yotchedwa UDP, momwe paketi ikatayika yatayika basi siitumizidwanso.

Pangani izi. Tengani laputopu mukhale nayo kuchipinda komwe mumasewerera, tsegulani cmd (kawindo kakuda kolembamo malamulo mu Windows) mulembe ipconfig muone nambala ili pa Default Gateway, imeneyo ndi rauta yanu, nthawi zambiri imakhala 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1. Kenako mulembe ping -t 192.168.1.1 (muike yanuyo), mutsegule cmd ina mulembe ping -t 8.8.8.8 yomwe ndi seva ya Google. Ping imatumiza kapaketi nkuonetsa nthawi yomwe katenga kupita nkubwerera, mu ma ms (1000 ms ndi sekondi imodzi). Musiye zonse ziwiri zikuyenda inu muzisewera pa PS5, gemu ikangouma yang'anani msanga. Ngati ya rauta nayo yalemba Request timed out kapena yalumpha kufika mahandiredi ndekuti vuto lili m'nyumba mwanu momwemo, pakati pa inu ndi rauta, ndipo ngakhale mutasintha kampani simupindula kanthu. Ping ya ku rauta pa Wi-Fi yabwino imayenera kukhala ma ms ochepa chabe, pa chingwe 1 ms kapena osafika. Ngati ya rauta ili phee koma ya 8.8.8.8 ndiyo ikutayika, vuto lili kuchokera pa rauta kupita kunja, apo nde akampani muwaimbirenso muli ndi umboni m'manja. Ngati zonse ziwiri zili bwino koma gemu ikuvutabe, ndi seva ya gemuyo kapena njira yokafikira kumeneko.

Dada_IT:
Zomwe anena a WaMawaya nzoona, koma ine ndikangomva makoma awiri komanso madzulo ndayamba kale kukayikira Wi-Fi. Taonani ngati PS5 yanu ili pa 2.4 GHz kapena 5 GHz. Pa 2.4 pamadzadza kwambiri, matchanelo omwe salowererana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11, nde madzulo aneba onse akabwerera kunyumba marauta onse amalimbirana pomwepo. Bluetooth ilinso pa 2.4 yomweyo, maikirowevu nayo imagwira ntchito pa 2.45 GHz moti wina akangoiyatsa pafupi siginolo imasokonekera. 5 GHz ndi yopepukirapo koma siboola makoma bwino, makamaka a njerwa kapena konkire, nde kuchipinda kwanuko mwina ikufika yofooka PS5 nkumadumphadumpha pakati pa ziwirizi ngati zili ndi dzina limodzi, kudumphako ndi komwe kumadula gemu. Lowani m'rauta muzipatse mayina osiyana kuti muzisankha nokha.

Koma chilungamo chake gemu ndi chingwe basi. Chingwe cha netiweki cha mtundu wa Cat5e kapena Cat6 chimanyamula 1 Gbps mpaka mamita 100, m'nyumba simungafike nkomwe pamenepo. Ingobwerekani chingwe kwa wina muyale pansi madzulo amodzi muone kusiyana kwake musanaboole khoma.

ChigoliChaMochedwa:
Inunso rauta yanuyo ndi yakale bwanji? Yanga inkachita zomwezi kumapezeka kuti inkatentha chifukwa inali m'kabati kuseri kwa TV, imangodzizimitsa nkuyakanso yokha. Gemu ikadzaduka mudzathamange mukaone magetsi a pa rauta, ngati onse azima nkuyambanso kuthwanima ndekuti ikuyambiranso, mwina kutentha mwina adaputala yake yatopa. Ngati muli pa faiba onaninso kabokosi kaja, getsi la LOS likafiira ndekuti kuwala sikukufika m'chingwe chawo, limenelo ndi lawo akampani osati lanu.

Osagona22:
Zikomo kwambiri nonse, ndayesa dzulo madzulo. Rauta sikuzima ayi, magetsi ali chiyakire ndipo sikutentha. Pa Wi-Fi ping ya ku rauta imakhala 3, 4 ms kenako mwadzidzidzi 600 nkulemba timed out kangapo, nthawi yomweyo gemu imauma. PS5 inali pa 2.4 eti Dada munalasa. Ndabwereka chingwe ndalumikiza PS5 komanso laputopu yomwe ku rauta, kundichotsa mu gemu kuja kwatheratu, ya rauta ili pa 1 ms osasuntha. Koma pali chinanso chatsala, ya 8.8.8.8 imakhala cha m'ma 40 kenako imakwera kupitirira 300 kwa mphindi zingapo nkutsikanso, sikutayika koma gemu imalemera zedi, ukadina batani munthu amasuntha mochedwa. Ndiwaimbire akampani pamenepa?

WaMawaya:
Dikirani kaye amwene, mavuto analipo awiri, loyamba mwathana nalo. Lachiwirili likuoneka ngati chomwe amati bufferbloat. Nthawi yomwe ping ikukwera tafufuzani kuti m'nyumbamo ndani akutumiza zinthu. Anthu amangoganiza za otsitsa mafilimu koma chomwe chimapha kwambiri ndi upload, chifukwa pa malaini ambiri upload imakhala yochepa kuposa download. Foni imodzi yokha ikalowa pa Wi-Fi nkuyamba kukweza zithunzi ndi mavidiyo ku Google Photos kapena iCloud imadzadza upload yonse mwini wake osadziwa nkomwe, foni ili phee pa tchaja. Rauta ikalandira zambiri kuposa zomwe laini inganyamule sizitaya, imazifoletsa pamzere wautali, kapaketi kanu ka gemu nkukaima kumbuyo kwa vidiyo ya wina. Mpake sikutayika koma ikungochedwa.

Kuti mutsimikize, siyani ping -t 8.8.8.8 ikuyenda, chotsani mafoni onse pa Wi-Fi, kenako pangani speedtest muone ping ikukwera kufika pati makamaka ikafika pa upload. Ikalumpha kuchoka 40 kufika mahandiredi ndi chomwecho. Mankhwala ake lowani m'rauta mufufuze QoS kapena SQM (masetingi owongolera mzere wa data uja), muike malire pang'ono kunsi kwa liwiro lanu lenileni, cha m'ma 85 mpaka 90 peresenti, download ndi upload zonse. Mutaya ma Mbps ochepa koma mzere uja sukhalaponso. QoS ya m'marauta otchipa ena ndi dzina chabe sichita zambiri, yomwe imagwira bwino ndi SQM ya mtundu wa fq_codel kapena CAKE monga ili mu OpenWrt (pulogalamu yomwe ena amaika m'rauta kuti iziyendetsa), nde ngati mudzagule rauta mudzagulire chifukwa chimenecho osati chifukwa ili ndi nyanga zambiri. Onaninso laputopu yanuyo, Windows ndi Steam zimatsitsa ma apudeti mwakachetechete, ngakhale PS5 yomweyo.

Dada_IT:
Funso limodzi lomwe tonse sitinafunse, intaneti yanu ndi ya faiba kapena rauta ya SIM? Chifukwa ngati ndi ya 4G ping kukwera madzulo kutha kukhala kudzadza kwa tawala, anthu onse a m'dera lanu akugawana tawala imodzi, ndipo liwiro limasinthasintha moti malire a SQM aja kuwaika kumavuta, muyenera kutengera liwiro la madzulo osati la m'mawa. Ngati ndi choncho sunthirani rauta pawindo loyang'ana komwe kuli tawala, m'masetingi muone SINR (kuyera kwa siginolo) ndi RSRP (mphamvu ya siginolo) uku mukuisuntha, SINR ikamakwera ndekuti zikukoma, RSRP ya -85 ndi yabwino kuposa ya -105. Mukachotsa mafoni onse ping nkumakwerabe nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, jambulani ma cmd awiri aja ndi nthawi yake muwatumizire akampani.

Osagona22:
Ndi ya faiba Dada. Ndapanga zomwe ananena a WaMawaya, mafoni onse atachoka ping inakhala pa 40 osagwedezeka, speedtest itangofika pa upload inalumpha kufika 350. Upload yanga kani ndi 5 Mbps yokha, ndipo foni ya mchemwali wanga imakweza mavidiyo ikangolowa pa Wi-Fi madzulo. M'rauta ya akampaniyi SQM mulibe, muli kongoika malire pa chipangizo chilichonse, nde ndaika mafoni onse pa 1 Mbps ya upload kaye. Funso langa tsopano, ndikagula rauta ya SQM ndingailumikize kumbuyo kwa ya akampaniyi kapena NAT type ya PS5 (ija imaonetsa ngati ingalumikizane mosavuta ndi osewera ena) isokonekera? Ndamva zoti pamafunika bridge mode, yoti ya akampaniyi izingodutsitsa intaneti kupita ku rauta yatsopanoyo, koma m'masetingi sindikuiona.