Kodi kamwala aka n'kamakedzanadi kapena andipusitsa?

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Mwezi wathawu ndinagula kamwala kovala m'khosi kwa munthu wina pa intaneti. Ankalumbira kuti anachita kukafukula pansi, ati n'ka anthu amakedzana. N'kobiriwira, kosalala, ndipo mbali imodzi anasemapo nkhope ya munthu. Kukongola kokha ayi, n'kokongola ndithu.

Chikundisowetsa mtendere ndi bowo lake. Amisiri akale, pobowola ndi kamtengo ndi mchenga kapena ndi nsonga ya mwala wolimba, nthawi zambiri ankayambira mbali zonse ziwiri, ndiye bowo limakhala lotakasuka kunja koma lothina pakati. Langali n'lowongoka kuyambira uku mpaka uko, ngati la makina. Podutsa chingwe sipanaperepeseke ngakhale pang'ono, chonsecho akuti kanavalidwa zaka zambirimbiri. Nditayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu ndinaonanso timizere tolowera kumodzi, ngati totsalira pokwecha. Dothi la m'ming'alu linachoka nditangopukuta ndi kansalu konyowa, n'kumveka kafungo ka polishi wa nsapato.

Mnzanga akuti ndikayezetse ndi carbon-14, njira ya asayansi yodziwira zaka za chinthu, koma njira imeneyo imagwira pa zinthu zimene zinali zamoyo, monga mafupa ndi makala, osati mwala.

Wogulitsayo alibe pepala lililonse losonyeza kumene kanachokera, ndipo pano sakuyankhanso mauthenga anga.

Inu amene mumasema miyala kapena munagwirapo zinthu zakale, kodi bowo lowongoka lokha n'lokwanira kutsimikiza kuti n'katsopano? Nanga ndikapita nako kunyumba yosungirako zinthu zakale, akatswiri angavomere kukaona? Ndikuopanso kuti kakakhala kakaledi, mwina kanafukulidwa mophwanya malamulo.