Atichotsera kochi pakati pa sizoni, titani apa?

Wa ku Midwest: Akuluakulu ndithandizeni nzeru mutu sukugwira. Ndine assistant kochi wa basketball pa yunivesite ina kuno ku America. Lolemba mmawa AD (mkulu wa zamasewero pa sukulu pano) watiitana tonse mu ofesi kuti head coach amuchotsa, kwatsala magemu 9 a conference (ligi yathu), assistant wamkulu ndi amene agwirizire mpaka sizoni ithe ndipo ine andipatsa difensi ndi filimu ya magemu. Vuto ndi loti mkuluyu akufuna asinthe offense yonse sabata yomwe ino akuti ma play a bwana uja ndi amene atipha. Anawa asokonezeka kale, point guard wathu dzulo sanabwere ku pulakatisi wangokhala mu locker room ma headphone kumutu nsapato ili mmanja osavala. Ndi bwana wochotsedwayo amene anapita kwawo kukamupempha kwa mayi ake kuti abwere kuno. Ndimuuza bwanji munthu wamkuluyu kuti asapupulume?

Madala a ku Blantyre: Pepa mphwanga. Kuthamanga sikufika. Zimene ana akhala akuzibwereza kuyambira October sungazifufute ndi masiku atatu, mu gemu zikavuta thupi limabwerera ku zimene linazolowera ndiye upeza awiri akusewera zakale atatu zatsopano mpira ukungotayika. Achotse ma play, asaonjezere. Asiye 5 kapena 6 amene anawo amawakonda basi.

Sisi a compliance: Madala anena zoona, komanso umuuze za maola. Malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, mkati mwa sizoni ndi maola 20 pa sabata, osapitirira 4 pa tsiku, tsiku limodzi lopuma, ndipo gemu iliyonse imawerengedwa maola 3, filimu nayonso ikulowa momwemo. Magemu awiri pa sabata, maola 6 apita kale, nanga offense yatsopanoyo aiphunzitsa nthawi yanji? Mupite naye pa whiteboard muwerengere limodzi, usamutsutse pamaso pa ana.

Wa Area 25: Koma inu musamuopseze interim, nthawi zina zimayenda. Ohio State inachotsa Chris Holtmann mu February 2024, Jake Diebler gemu yake yoyamba anagonjetsa Purdue ya Zach Edey ili nambala 2 dziko lonse, March anamupatsa ntchito yonse. Rodney Terry ku Texas 2023 anafika Elite Eight (ma quarterfinal a tournament ya dziko lonse). Steve Fisher 1989 anangotenga Michigan tournament ili pafupi kuyamba mpaka kutenga chikho kkkk

Madala a ku Blantyre: Aise ukutchula matimu amene anali ndi osewera kale. Michigan ija inali ndi Glen Rice, ndipo Frieder sanachoke chifukwa choluza, anali atavomera ntchito ku Arizona State. Bwanji sukutchula DePaul, anachotsa Tony Stubblefield January 2024 koma anamaliza ligi yawo ya Big East osawina olo gemu imodzi pa 20. Kochi watsopano sakulitsa msinkhu wa center.

Wa Area 25: kkkk chabwino madala ndagonja

Sisi a compliance: Ine nkhawa yanga ili pa iweyo achimwene osati offense. Sukulu ikachotsa munthu January sikuti ikufuna kupulumutsa sizoni ino ayi, ikufuna iyambe msanga kusaka wina anzawo asanamutenge mu March komanso kutontholetsa ma booster amene akupereka ndalama. Wobwerayo amabwera ndi anthu ake. Head coach ali ndi buyout, ndalama zomulipira pomuchotsa, akalira ali mu nyumba yabwino, ma assistant ambiri kontirakiti ndi ya chaka chimodzi. Uli pa viza ya ntchito ya H-1B eti? Ntchito ikatha uli ndi masiku osapitirira 60 kuti upeze pena. Mawa lomwe pita ku HR ndi ku international office, funsa tsiku lenileni lomwe kontirakiti ikutha, ndipo udindo waonjezedwawu akulembere pa imelo, zapakamwa zimauluka.

Wa ku Midwest: Eish zimenezi sindinaziganize nkomwe ndimangoona ma turnover, mipira yotayika. Inde ndi H-1B, kontirakiti ndikuona ngati ikutha April ndikayang'ana bwino. Nanga mwana uja? Foni yake ikungolira ndikudziwa ndi anthu a masukulu ena akumunyengerera za portal, njira yosamukira ku sukulu ina, kudzera kwa kochi wa timu yake yakale ya achinyamata ya AAU

Sisi a compliance: Za portal usamulangize wekha, malamulo ake akusinthasintha, mutumize ku ofesi yanu ya compliance, yoona za malamulo a NCAA, amuuze masiku ake enieni. Iwe usamulonjeze kuti ukhalapo chaka chamawa poti nawenso sukudziwa.

Madala a ku Blantyre: Ndipo usamunenere zoipa bwana wakale, kwa iyeyo ndi bambo ake amene aja. Mutengere kokadya, muuze kuti kaya atsala kaya apita, amene akumufunawo aonera filimu ya magemu 9 amenewa, akaona munthu wokwinya nkhope pa benchi mtengo wake utsika. Kenako mufunse ma play atatu amene akufuna asachotsedwe, ukawapereke kwa interim ngati maganizo a captain osati ako.

Wa ku Midwest: Ndabwera kumene ku ofesi. Tawerengera maola aja pa whiteboard mkulu uja anangoti duu kenako akuti tisiye ma set 6, chatsopano chikhale zone press imodzi yokha tikagoletsa free throw. Mwana uja wasankha play ya horns ndi ma pick and roll awiri, wati mawa avala nsapato. HR andipatsa Lachinayi 10 koloko. Asisi nditumizireni ku inbox mmene ndingalembere imelo ija, Loweruka tili away basi inyamuka 5 mmawa.