"Nyimbo imodzi sachezera gule": kuchezera kwake n'kutani, nanga pa wailesi ya boma zitheka bwanji?

Wa ku Chawama

Akuluakulu, ndithandizeni. M'maminibasi ndi m'misika muli mkangano wa nyimbo za pa wailesi ya boma. Achinyamata akuti imangoliza nyimbo za makolo awo, achikulire akuti masiku ano ndi phokoso lokhalokha, ndipo oulutsa mawu amalankhula ngati pali wina akuwathamangitsa. Mbali zonse ziwiri zagwira mwambi umodzi, woti "Nyimbo imodzi sachezera gule", aliyense akuti uli kumbali yake. Ine chikundisokoneza ndi mawu oti "sachezera". Kuno ku Lusaka kuchezera munthu ndi kupita kwawo kukamuona. Nanga gule amamuchezera bwanji? Komanso bwanji sitinena kuti "siichezera", poti tikunena za nyimbo?

Mphunzitsi wa Chinyanja, Matero

Mwafunsa bwino, mng'ono wanga, ndipo yankho la funso lachiwiri ndi limene likutsegula loyamba. Wochezera si nyimbo ayi, ndi anthu. "Sa-" ameneyu ndi uja timamumva polangiza mwana: pamaliro saseka, wamkulu samuloza chala. Sitchula munthu, timangoti anthu satero. Yerekezani ndi "Chala chimodzi sichiswa nsabwe", pamene chala ndi chimene chikuchita ntchito. Mwambi wanuwu titautambasula tinganene kuti anthu sachezera gule ndi nyimbo imodzi.

Kuchezera kwa pano ndi m'bale wake wa kucha, kucha komwe kuja kunapatsa dzina ndalama yathu ya Kwacha. Kuchezera chinthu ndi kukhala nacho usiku wonse mpaka kunja kutayera. Timati mwana wachezera kulira, anthu achezera pamaliro, ndipo usiku woimba ndi kuvina osagona umatchedwa mchezo. Choncho mwambiwu ukunena za kutalika kwa usiku. Nyimbo ikome bwanji, siingatenge anthu kuyambira madzulo mpaka tambala woyamba.

Akuluakulu amauponyera munthu amene pamlandu akungobwereza mfundo imodzi, kapena mlimi wodalira chimanga chokha wopanda chinangwa kapena mbatata zoti zimuombole mvula ikadula.

Woimba ng'oma wa ku Katete, tsopano ku Mtendere

Aphunzitsi anena zoona. Ndiwonjezereko za pabwalo, chifukwa amene anapeka mwambiwu ankadziwa mmene usiku wa gule umayendera. Chakumadzulo bwalo limadzaza ndi ana, ndipo nyimbo zimakhala zopepuka, zoti aliyense avomere. Anawo akayamba kusinza n'kumagona pamphasa, atsikana ndi amayi amatenga bwalo, zitelele ndi chimtali. Mbandakucha kumatsala achikulire, ndipo pamatuluka nyimbo zakale zimene ana sanazimvepo.

Woyambitsa nyimbo sayang'ana wotchi, amamvetsera m'manja. Akamva kuti kuwomba kwayamba kuzilala, ovomera atsala atatu, amadula n'kuponya ina anthu asanayambe kuzemba. Ng'oma nayonso imafooka ndi mame, ndiye amakaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike. Ng'oma ya mbalule ikapita kumoto, ya mpanje imapitiriza, kapena amayi amaimba ndi m'manja mokha, bola bwalo lisati zii. Chimene sindikufuna chikudutseni n'choti bwalo limakhala limodzi. Agogo amamva nyimbo za ana, mwana amene wapirira tulo amamva za agogo, ndipo umo ndi mmene amaziphunzirira.

Wokonza mapulogalamu, Kabwata

Pa wailesi bwalo lake ndi ola limodzi, ndipo ndi lopanikiza kuposa mmene omvera amaganizira. ZNBC, wailesi ya boma ya Zambia, ili ndi Radio 1, Radio 2 ndi Radio 4. Radio 1 imagawidwa m'zinenero 7: Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Kotero nthawi ya Chinyanja ndi kagawo chabe, ndipo mwana, mayi ndi gogo ayenera kukwana m'kagawo komweko.

Tiwerengere limodzi. Pa mphindi 60, chotsani 10 za nkhani, 8 za malonda ndi zidziwitso, 10 za muulutsi ndi oimba foni. Zatsala 32. Nyimbo ikakhala ya mphindi 4, mulowa nyimbo 8 basi. Kalindula wakale, nyimbo zovina za m'Zambia zoimba ndi magitala, amene amafika mphindi 6 kapena 7, mulowa 4 kapena 5. Nyimbo 8 zimenezi ndi zimene anthu akulimbirana.

Njira yake ndi kuika nyimbo m'madengu atatu mu kompyuta ya situdiyo. Dengu loyamba ndi la zatsopano, zosapitirira chaka chimodzi. Lachiwiri ndi la zimene anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40 anakula nazo. Lachitatu ndi la zakale: kalindula, Zamrock (nyimbo za rock za m'Zambia), nyimbo za magule ndi za makwaya akale. Kenaka ola lililonse lipatsidwe muyezo wake. M'mawa anthu akukonzekera kupita kuntchito ndi kusukulu, tapani 3, 3 ndi 2. Kuyambira 4 koloko masana ana a sukulu ataweruka, tapani 5, 2 ndi 1. Usiku ukapita, tembenuzani, 1, 2 ndi 5. Dengu lisasowe n'limodzi lomwe pa ola lililonse, ndipo nyimbo za dengu limodzi zisatsatane zoposa ziwiri. Nyimbo yatsopano ikalira ipume maola atatu. Yakale ipume mlungu wathunthu, poti dengu lake ndi lakuya.

Zimasokonekera pamene muulutsi wabwera ndi kafulashi kake m'thumba. Amaika zimene iye amakonda, ndipo wailesi yonse imatenga msinkhu wa munthu mmodzi ameneyo. Ndi pomwenso pamalowera katangale wolandira ndalama kuti nyimbo ya uje ilire kasanu pa tsiku. Mankhwala ake ndi kulemba nyimbo iliyonse yalira, dzina la woimba ndi nthawi, mkulu wa gawo n'kumaona kaundulayo mlungu uliwonse. Kaundula yemweyo ndi amene ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, imafuna kuti eni nyimbo alandire zawo.

Mtsikana wa ku Kalingalinga

Atate a ku Kabwata, masamu anuwo ndawamva, koma pabwalo la kumudzi mwana alibe kwina kopita. Kuno ali nako. Kuyambira pamene Radio Phoenix inatsegulidwa mu 1996 mawailesi osakhala a boma achuluka, ndipo pafoni pali YouTube ndi TikTok. Wachinyamata akamva nyimbo ziwiri za makolo ake zotsatana, wasintha kale, ndipo sabwerera ola limenelo. Kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni m'Zambia, ndipo pafupifupi theka ndi osakwana zaka 18. Amenewa simungawapatse nyimbo imodzi yokha mwa nyimbo 8 pa ola la usiku n'kumati mwawatumikira.

Chachiwiri ndi chinenero. Wina anena kuti achinyamata ali ndi Radio 4, koma kumeneko chimalamulira ndi Chingerezi. Mnyamata wa mukomboni amaganiza m'Chinyanja cha m'tauni. Akayatsa pulogalamu ya Chinyanja n'kumva chozama cha m'mabuku, amadziwa kuti sakulankhula ndi iye. Ndikupempha kuti maola a masana apatsidwe kwa oulutsa a zaka za m'ma 20, ndipo aziloledwa kulankhula mmene anzawo amalankhulira, nkhani zake za mayeso a Giredi 12, za kufuna ntchito, za chibuku ndi mankhwala ozunguza bongo zimene zikutha anyamata.

Ambuye a ku Chilenje

Mwana wanga, pa za oulutsa achinyamata ndili nawe, ndipo mbiri ili kumbali yako. Wailesi inayamba muno mu Lusaka mu 1941, pofuna kuuza anthu za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa ka batire kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, ndipo ndi kamene kanalowetsa wailesi m'nyumba za anthu wamba. Alick Nkhata, mwini dzina la msewu umene pali Mass Media Complex, anali mnyamata pamene ankatenga nyimbo za kumidzi n'kuziika pa gitala. Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'Zambia, ndipo amene anadzaza mpatawo anali anyamata a Zamrock, kenaka a kalindula m'zaka za m'ma 1980. Dengu limene lero tikuti la zakale linali la zatsopano, ndipo akuluakulu a nthawi imeneyo nawonso ankaliti phokoso.

Pomwe ndikusiyana nawe ndi pa kumanga mpanda. Julius Chongo ankasimba nthano za Chinyanja pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, ndipo nyumba yonse inkazungulira wailesi imodzi, kuyambira agogo mpaka kamwana. Dzina lokhalo lili ndi kucheza kumene aphunzitsi amasulira kuja. Wailesi ya malonda ikhoza kusankha msinkhu umodzi chifukwa ikutsata otsatsa malonda. Ya boma ndi ya fuko lonse. Ikapanda kuimba chimtali masana mwana akumva, palibenso ina idzamuimbire.

Wa zamakina m'situdiyo, Emmasdale

Madandaulo ambiri a achikulire sachokera pa nyimbo, amachokera pa kamvekedwe. Khutu likamakalamba limayamba kutaya mawu osongoka, monga "s", "f" ndi "ts". Muulutsi akamalankhula nyimbo ikulira pansi pa mawu ake, wachinyamata amamva zonse, koma gogo amangomva kung'ung'udza. Nyimbo ya pansiyo itsike ndi ma decibel (muyezo wa kukwera kwa mawu) pafupifupi 20 poyerekeza ndi mawu, ndipo ikhale yopanda woimba. Pa nkhani, pa mauthenga a maliro ndi pa malangizo a ulimi kapena a zaumoyo, izimitsidwiretu. Nambala ya foni iwerengedwe kawiri, manambala atatuatatu.

Vuto lina ndi la mphamvu. Nyimbo za lero amazikonza mokweza kwambiri, pomwe zochokera pa mbale za galamafoni ndi matepi akale zimamveka motsika. Mukaziika motsatana osazilinganiza, womvera amakweza wailesi pa yakale, yatsopano n'kumuphulikira m'khutu. Wachinyamata amaganiza kuti yakale ndi yofooka, gogo amaganiza kuti yatsopano ndi yaphokoso. Nyimbo iliyonse ilinganizidwe tsiku loilowetsa mu kompyuta, zonse pa muyezo umodzi. Ku Europe oulutsa ambiri amatsata muyezo wa mphamvu ya mawu wa -23 LUFS. Musanavomereze, imvereni pa kawailesi ka batire ndi pa foni yaing'ono, osati pa masipika a situdiyo okha. Mu 2024, madzi atatsika ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri pa tsiku, anthu ankamvera pa timawailesi totero.

Matepi akale nawo amafuna chipinda chozizira ndi chouma. Akagwira chinyezi amamatana, ndipo ukawaliza choncho utoto wake umasupuka n'kupita ndi nyimbo. Asamutsiridwe pa kompyuta, makope awiri, osungidwa m'nyumba ziwiri zosiyana.

Amayi a pa Soweto Market

Pamsika wailesi imodzi imamveka mabenchi khumi, pali mwana kumsana, mtsikana wothandiza kugulitsa ndi agogo ogulitsa chibwabwa. Choncho nyimbo ya mawu olaula isalire masana, idikire ana agone, kapena isalire n'komwe. Muulutsi akhale wamng'ono, palibe kanthu, koma aphunzitsidwe kumva msinkhu wa munthu pafoni. Mawu akamveka achikulire, ndi "atate", "amayi", "ambuye", ndipo awapatse moni wonse asanawafunse chimene aimbira. Asawadule pakamwa chifukwa akulankhula mwapang'onopang'ono. China chimene chimatipweteka mtima ndi kutha kuwerenga uthenga wa maliro, pompo n'kuponya nyimbo ya dansi. Pakatipo pafunika ya kwaya, ngakhale imodzi.

Wa ku Chawama

Zikomo nonse, "sachezera" ndamumva tsopano. Koma aphunzitsi, ndiye mwambiwu uli kumbali ya ndani?

Mphunzitsi wa Chinyanja, Matero

Ukutsutsa aliyense wofuna kuti dengu lake lokha lilire tsiku lonse, kaya ndi gogo kaya ndi mdzukulu. Onaninso kuti mawu ochulukitsidwa m'maganizo ndi nyimbo, gule akadali mmodzi. Mtsikana wa ku Kalingalinga ali ndi mfundo yolimba pa za maola a masana ndi Chinyanja cha m'tauni, ndipo mwambiwu sukumukaniza zimenezo, chifukwa pabwalo paja ana nawonso amakhala ndi nthawi yawo yotsogolera.

Wokonza mapulogalamu, Kabwata

Zimenezo zimatheka poika anthu awiri pa maikolofoni, wachinyamata ndi wachikulire, koma ntchito igawidwe asanalowe m'situdiyo, apo ayi wamkulu amalankhula yekha, wamng'ono n'kumangovomera. Masana wachinyamata ndiye agwire makina ndi kulandira mafoni, wachikulire alowe kawiri pa ola, mphindi ziwiri zokha, kudzatchula nyimbo ya m'dengu lakale, woimba wake ndi gule amene inachokerako. Usiku asinthane, wamng'ono abweretse yatsopano imodzi n'kumasulira mawu a m'tauni amene ali m'menemo. Pulogalamu ijambulidwe, ndipo kamodzi pa mlungu awiriwo akhale ndi mkulu wawo n'kumvera mphindi 15, wotchi ili m'manja, kuti aone amene anadya nthawi ya mnzake.