Zitsulo za khoma la kutsogolo kwa holo

Wapampando: Madzulo abwino nonse. Achimwene athu a ku Joni apeza zitsulo zoti tidzutsire khoma la kutsogolo kwa holo ya kumudzi kwathu, lija linagwa ndi namondwe wa Freddy. Afotokoze okha. Chonde tiyankhulane mwaulemu.

Achimwene a ku Joni: Zikomo apampando. Ntchito yanga kuno ndi imeneyi, kuimika mafelemu achitsulo amene amanyamula magalasi ndi malata kunja kwa nyumba zosanja. Pa sayiti yomwe tamaliza patsala ma square tube (mapaipi a makona anayi), ma angle iron (zitsulo zopindika ngati L) ndi ma lipped channel (zitsulo zopindika ngati C). Abwana avomera kundigulitsa motchipa, ndilipira ndekha. Ganizo langa ndi loti tisakwezenso njerwa mpaka kudenga. Timange mabuloko kulekeza m'chiuno, pamwamba pake felemu, tikute ndi malata a IBR, aja a mizere ya makonamakona. Khoma lija linali lalitali, lomangira dothi, lopanda ring beam, lamba wa konkire womanga khoma pamwamba. Mvula ya mu Malichi 2023 inalinyowetsa masiku angapo, mphepo inangomalizitsa.

Mayi a ku Limbe: Tisanafike ku zitsulo, matumba 60 a simenti aja ali kuti?

Msungichuma: Mayi, nkhaniyi ndinaiyankha kale. Tinasonkha mu Okotobala, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inakwera tisanagule. Tinapeza matumba ochepa.

Mayi a ku Limbe: Ochepawo ndi angati? Ine ndinatumiza yanga pa Airtel Money, uthenga ndikadali nawo. Lisiti la ku hardware silinaonekepo pano.

Aphunzitsi: Ine nkhawa yanga ndi ina. Holo ya malata m'mbali muja idzaoneka ngati shedi ya chimanga. Mu Okotobala ana adzapsa. Komanso kwathu ku Muloza ndi konyowa, chiperoni chikagwa mpaka zovala za m'nyumba zimachita nkhungu. Chitsulo sichichedwa dzimbiri.

Achimwene a ku Joni: Aphunzitsi, funso lanu ndi labwino. Ma channel ndi a galvanised, okutidwa zinki. Ma tube ndi akuda, amafuna red oxide, penti woyamba woteteza ku dzimbiri, kenako penti kawiri. Povuta ndi powotcherera. Moto wa welding umapsereza zinki, ndiye malo amenewo ukapanda kupala ndi wire brush n'kupakanso, dzimbiri limayambira pomwepo. Ma tube akuyeneranso kutsekedwa kumapeto, apo ayi madzi amalowa n'kudya chitsulo kuchokera m'kati, kunja penti akuwala bwinobwino.

Achimwene a ku Joni: Za kutentha, timasiya mpata pamwamba n'kuika ma louvre, mpweya wotentha uzitulukira kumeneko.

Achimwene a ku Joni: Koma chomwe ndikufuna mumvetse ndi mphepo. Ambiri amaganiza kuti imangokankha. Ayi, imakokanso, makamaka m'makona. N'chifukwa chake malata amazuka. Lata palokha lilibe mphamvu, mphamvu yake ili pa njanji zopingasa zomwe lamangidwapo, njanjizo zigwire nsanamira, nsanamira zikhale pa base plate, chitsulo chafulati cha pansi, yomangidwa ndi mabawuti ozikidwa mu konkire. Mukangozika chitsulo m'dothi ndiye mwataya ndalama zanga. Konkireyo imafika mphamvu yake pa masiku 28, musadzathamangire.

Malume a ku Zomba: Mwana wa mlongo wanga, mawu oti "ndalama zanga" andiwawa. Holoyi tinaumba njerwa zake ndife, iwe uli ku pulayimale.

Achimwene a ku Joni: Pepani malume, sindinatanthauze choncho.

Mlembi: Nanga adzawotcherera ndani? Mnyamata uja wa pa Limbuli amapanga bwino zitseko ndi ma burglar bar.

Mayi a ku Limbe: Si mphwake wa msungichuma ameneyo? Ntchito ya mawindo inapitanso komweko popanda kufunsa gulu.

Msungichuma: Mundichotse pa udindo ngati mukufuna. Zaka zisanu ndikuyendera zanu ndi thiransipoti yanga, lero ndasanduka wakuba pamaso pa ana.

Wapampando: Palibe wanena kuti wakuba. Tiyeni tibwerere ku zitsulo.

Achimwene a ku Joni: Chitseko ndi felemu yonyamula khoma ndi zinthu ziwiri zosiyana. Sindikunyoza munthu. Ndingakonde ndidule ndi kuboola konkuno, kumudzi mudzangomanga ndi mabawuti, ngakhale magetsi atazima. Koma pakufunika injiniya aone maziko akale aja, chifukwa muzikhala ana mmenemo. Ndikufunanso miyeso yeniyeni ya khoma, ya tepi, osati ya mapazi.

Aphunzitsi: Nanga kubweretsa? Thiraki idutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza. Msonkho wa pa boda ndi wa yani? Mwina zikafika zidzaposa mtengo wa ku Limbe.

Achimwene a ku Joni: Zitsulo ndi zanga. Thiransipoti ndi msonkho ndimati gulu lisonkhe.

Mayi a ku Limbe: Kusonkhanso? M'thumba lomwe lija? Ine ayi.

Achemwali a ku Leeds: Ndangodzuka kupita ku ntchito ya usiku, ndapeza mauthenga 80. Amfumu akudziwa za nkhaniyi? Nthawi ija tinamanga chimbudzi osawauza munaona zomwe zinachitika.

Malume a ku Zomba: Amfumu auzidwe ndi akulu, osati pa WhatsApp.

Wapampando: Tikumane Lamlungu 3 koloko, akunja pa foni. Msungichuma abwere ndi kope.

Mlembi: Msungichuma atuluka m'gulu.

Achimwene a ku Joni: Abwana andipatsa mpaka Lachisanu, zikatero agulitsa kwa a sikirapu. Wina apite ndi tepi mawa chonde.

Mayi a ku Limbe: Muwabwezere m'gulu apampando. Lisiti lija ndikulidikirabe.