Kodi malamulo owedzera red snapper ku America angatithandize pa nyanja ya Chilwa?

Mlembi wa komiti ya doko, Kachulu

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mukudziwa mmene nsomba zimasamalidwira m'maiko ena. Chaka chilichonse Disembala akafika, nyanja ya Chilwa imatsekedwa kwa asodzi a makoka kuti matemba, makumba ndi milamba ziswane, ndipo ife a m'makomiti a m'madoko ndi amene timayembekezeredwa kuonetsetsa kuti lamuloli likutsatidwa. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti nyanja ikangotsegulidwa, aliyense amathamangira m'madzi ndi zida zonse zimene ali nazo, usana ndi usiku, moti zimene tinasunga m'miyezi ya mvula zimakokololedwa m'kanthawi kochepa, ndipo palibe amene amafunsa kuti khoka limodzi liyenera kuvuula nsomba zochuluka bwanji.

Ndamva kuti ku America, pa nyanja ya mchere ya Gulf of Mexico, kuli nsomba yofiira yotchedwa red snapper imene boma limaiikira masiku owedzera pamodzi ndi malire a nsomba zoti munthu atenge, ngakhale kwa anthu amene amangowedza pofuna kusangalala. Ndikufuna kudziwa kuti masikuwo amaika ndani, nsombazo amaziwerenga bwanji, komanso ngati m'njira imeneyo muli kanthu kamene ife a ku Chilwa tingatolepo.

Mlangizi wopuma wa za nsomba, Matawale

Bambo mlembi, funso lanu lafika pamene pagona nkhani yonse. Kumeneko chimene chimayamba ndi kulemera kwa nsomba zonse zimene akatswiri aona kuti zingachotsedwe m'nyanja pa chaka popanda kuwononga mbewu, ndipo masiku owedzera amabwera pambuyo, atawerengetsera kuti mlingo umenewo ungathe m'masiku angati. Lamulo lalikulu ndi la mu 1976, lotchedwa Magnuson-Stevens Act. Bungwe loona za usodzi pa nyanjayi, lotchedwa Gulf Council, ndi limene limakonza ndondomeko, ndipo nthambi ya boma ya NOAA Fisheries ndiyo imavomereza ndi kuzilengeza.

Mlingo wa red snapper umagawidwa pawiri: magawo 51 pa 100 alionse ndi a asodzi amalonda, ndipo 49 ndi a owedza mongosangalala. Kuyambira mu 2007 msodzi wamalonda aliyense ali ndi gawo lakelake limene amaligwira pa nthawi imene akufuna m'chakacho, ndipo nsomba zake zimayezedwa pa sikelo zikafika kumtunda, choncho mbali imeneyi siivuta kwenikweni. Mavuto ali kwa owedza mongosangalala, chifukwa ndi anthu ochuluka zedi amene amatulukira m'madoko osawerengeka, ena ndi maboti awo, ena ndi maboti aganyu. M'madzi a boma lalikulu la dziko lonse, amene ali kutali ndi gombe, munthu mmodzi wokwera boti laganyu amaloledwa nsomba 2 pa tsiku, ndipo iliyonse iyenera kufika mainchesi 16, amene ndi pafupifupi masentimita 41.

Apa mpamene ndikufuna mumvetsetse bwino. Nsombayi inali itachepa kwambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, chifukwa chogwidwa mopyola muyeso komanso chifukwa ana ake ankafera m'maukonde okokera tinkhanu totchedwa shrimp. Malamulo atayamba kugwira ntchito, nsomba zinachuluka ndi kukula, koma masiku owedzera anapitirira kuchepa m'malo mowonjezeka. Chifukwa chake n'chakuti mlingo umayezedwa pa kulemera, tsono nsomba zikakhala zonenepa ndiponso zosavuta kupeza, nsomba 2 zomwe zija zimadya mlingo msanga. Kuwonjezera apo, zigawo zina za dziko la America, zimene zili ndi maboma awoawo, zinkatsegula madzi awo a kufupi ndi gombe kwa nthawi yaitali, ndipo zogwidwa kumeneko zinkachotsedwa pa mlingo womwewo. Mu 2014 nyengo ya m'madzi a boma lalikulu inangokhala masiku 9. Mu 2017 analengeza masiku 3 okha kwa a maboti awoawo, anthu anakwiya kwambiri, boma linawonjezera masiku 39, ndipo chotsatira chake mlingo wa chakacho unapyoledwa.

Zimenezi n'zimene zinachititsa kuti udindo utsikire ku zigawo 5 za m'mphepete mwa nyanjayi, zomwe ndi Texas, Louisiana, Mississippi, Alabama ndi Florida. Anayeserera mu 2018 ndi 2019, ndipo mu 2020 anakhazikitsa kuti chigawo chilichonse chizilandira gawo lake la mlingo n'kumaika chokha masiku a owedza a maboti awoawo. Ufulu umenewu unabwera ndi udindo wowerenga. Ku Alabama anakhazikitsa dongosolo la Snapper Check, loti mwini boti azinenerako nsomba zimene wabwera nazo. Ku Mississippi anakhazikitsa dongosolo la Tails n' Scales, loti munthu aziyamba walembetsamo ulendo wake asanalowe m'madzi. Ku Louisiana antchito a kafukufuku wa LA Creel amafunsa anthu m'madoko komanso pa foni sabata ndi sabata. Chigawo chikapyola gawo lake, zopyolazo zimachotsedwa pa gawo la chaka chotsatira. Ine ndikuona kuti mphamvu ya njirayi ili pa kuwerengako, ndipo ife ku Chilwa tili ndi kalendala yotsekera nyanja koma mbali ya kuwerenga ndi yofooka.

Mayi wogulitsa nsomba zouma, msika wa Zomba

Bambo mlangizi, mwafotokoza momveka, koma ndiloleni ndisiyane nanu pang'ono, chifukwa ndikuopa kuti bambo mlembi angapite kukauza asodzi a ku Kachulu za malire a pa tsiku ngati kuti ife ndi anthu a ku Alabama tili m'bwato limodzi. Munthu amene mukumunenayo akamuletsa kuwedza amabwerera kunyumba kukadya zina, pamene msodzi wa ku chilumba cha Chisi amene amagona m'zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa njeza, alibe kwina kopezera ufa, fizi ya mwana ndi ndalama yobwezera mwini khoka. Komanso matemba sitiwerenga imodziimodzi. Timagula pa ndowa, timayanika pa thandala, timagulitsa pa mbale kapena pa mulu, choncho lamulo la nsomba 2 lilibe poyambira.

Chachiwiri, nsomba za ku Chilwa zimayendera madzi. Nyanjayi inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 tonse tinaona mabwato atakhala pa dothi long'ambika. Nthawi zonsezi mbewu inapulumukira m'madambo ndi m'maiwe a mitsinje monga Likangala, Domasi ndi Phalombe, ndipo madzi atabwerera matemba anachulukanso m'zaka zochepa chifukwa ndi nsomba yoswana msanga. Makomiti amene muli nawo lerowa anazika mizu pa nthawi ya chilala cha 1995, pamene mafumu ndi a boma anagwirizana zoletsa anthu kuthira katupe m'maiwe mmene munatsalira nsomba. Kwa ine ntchito yaikulu idakali pomwepo, pa matsiriro a mitsinje ndi pa maso a ukonde.

Ndikunena izi chifukwa cha zimene zimadutsa m'manja mwanga. Pali matemba ena amene amafika ang'onoang'ono moti poyanika amagwera m'mipata ya thandala, ndipo akauma ukawagwira amangofumbutuka, theka la thumba n'kukhala fumbi lokhalokha. Amenewo ndi ogwidwa ndi masikito amene anaperekedwa kuti ana azigonamo. Ife ogula tili ndi mlandu wathu pamenepa, chifukwa tikanakhala kuti timakana nsomba zotere, wokoka ndi masikito akanasowa kokagulitsa. Mukaletsa chida chimenechi ndi kuteteza mitsinje, mwachita zambiri kuposa kuika malire amene palibe angawalondole pa nyanja yodzaza ndi mabango.

Mphunzitsi wa sayansi, Chinamwali

Amayi anena zoona pa kusiyana kwa nsomba ziwirizi, ndipo kusiyanako n'kofunika kukusunga m'mutu. Red snapper imatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 50, ndipo yaikazi yaikulu imaikira mazira ochuluka kwambiri kuposa yaing'ono, choncho zikuluzikulu zikatha pamafunika zaka makumi kuti mbewu ibwerere mwakale. N'chifukwa chake ndondomeko yobwezeretsa nsombayi ku Gulf of Mexico inaikidwa kuti ifike mpaka chaka cha 2032. Matemba safuna nthawi yotero, koma chambo cha ku nyanja ya Malombe chinatisonyeza kuti nsomba yathu yomwe ikhoza kutha osabwereranso msanga, ngakhale nyanja ikutsekedwa chaka ndi chaka.

Pali mfundo ina imene ndikufuna kuwonjezera pa zimene bambo mlangizi anena, yokhudza nsomba zimene zimafa koma osalowa m'kaundula. Red snapper imakhala pansi pa madzi akuya, pafupi ndi miyala, ndipo ikakokedwa mofulumira mpweya wa m'kathumba ka m'mimba mwake umafufuma, maso amatong'oka, nthawi zina chifu chimatulukira kukamwa. Munthu akaiponyanso m'madzi chifukwa ndi yaing'ono kapena nyengo ndi yotseka, imangoyandama pamwamba mpaka kufa kapena kudyedwa. Mu Januwale 2022, lamulo la DESCEND Act linayamba kufuna kuti boti lowedza nsomba zotere ku Gulf of Mexico likhale ndi chida chotsitsira nsomba pansi kapena chotulutsira mpweyawo. Ku gombe la kum'mwera chakum'mawa kwa America, pa nyanja ya Atlantic, kumene red snapper zambiri zimafa motere anthu akamawedza nsomba zina, nyengo ya owedza mongosangalala inangokhala masiku 2 mu 2023 ndi tsiku limodzi mu 2024. Matemba ofumbutuka amene amayi anena ali m'gulu lomweli la nsomba zowonongeka zimene palibe amazilemba.

Kuwerenga nakonso kuli ndi mikangano yake. Kafukufuku wamkulu wotchedwa Great Red Snapper Count atatuluka mu 2021, anasonyeza nsomba zoposa 100 miliyoni, pafupifupi katatu poyerekeza ndi chiwerengero chimene boma linkagwiritsa ntchito, makamaka chifukwa anafufuzanso malo a mchenga ndi matope amene kale sankaonedwa. Owedza anati tsopano mlingo ukwere kwambiri, koma akatswiri anaukweza mosamala, poona kuti anthu amawedza pa miyala yodziwika yomweyo, osati pa nyanja yonse. Zigawo nazonso zinakanganapo ndi boma lalikulu chifukwa njira zawo zowerengera zinkapereka manambala osiyana. Zikusonyeza kuti muyeso uyenera kukhala umodzi kuyambira pachiyambi.

Kuno kwathu chofanana kwambiri ndi kuwedza kwa ku America ndi nsomba za trout zimene zinabwera m'nthawi ya atsamunda ku phiri la Zomba, mu mtsinje wa Mulunguzi, kumene munthu ankawedza ndi chilolezo. Koma kwa bambo mlembi chitsanzo choyenera kuchiyang'ana ndi chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene a Mfumu Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi m'miyezi ya mvula kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa pachilumbapo. Kumeneko lamulo limagwira chifukwa eni dera ndi amene analipanga, monga mmene zinakhalira bwino ku America udindo utatsikira ku zigawo.

Mlangizi wopuma wa za nsomba, Matawale

Amayi, sindikunena kuti msodzi wa matemba apatsidwe malire a pa tsiku, ndipo pa nkhani ya masikito ndi mitsinje ndili nanu limodzi. Chimene ndikulimbikira n'chakuti komiti yopanda manambala imalephera kuyankha msodzi akafunsa kuti kutseka kwa chaka chatha kunapindula chiyani, ndipo munthu amene sanayankhidwe ndi amene amalowa m'madzi usiku mu Januwale. Lamulo lathu la za nsomba la mu 1997 linapereka mpata woti anthu a m'madera atenge nawo mbali pa kasamalidwe ka nsomba, choncho komiti ili ndi poimira. Malire amene angatheke ku Chilwa ndi a chiwerengero cha makoka pa doko, kutalika kwake ndi kukula kwa maso ake, ndipo malire amenewa ayenera kusintha malinga ndi madzi a chakacho: chaka chimene nyanja yatsika, makoka achepe kapena kutsegula kuchedwe. Zimenezi sizingagamulidwe mwachilungamo popanda kaundula wa zaka zingapo.

Mlembi wa komiti ya doko, Kachulu

Zikomo kwambiri nonse atatu. Pa msonkhano wotsatira ndikapempha komiti kuti tigule buku lachikuto cholimba, ndipo kuyambira tsiku lotsegulira nyanja tizilemba khoka lililonse lofika pa doko, ndowa zimene labwera nazo, mtundu wa nsomba, komanso ngati muli zing'onozing'ono. Ndikalankhulanso ndi anzathu a ku doko la Mchenga ndi a ku Chisi kuti tizilemba mofanana, chifukwa msodzi akaona kuti doko limodzi lokha ndi limene likulemba, adzangokocheza kwina. Chimene chingativute ndi chimene aphunzitsi achenjeza, popeza ndowa za pa doko n'zosiyanasiyana ndipo zina zimaponderezedwa pansi kuti zilowe zambiri. Amayi, inu amene mumadziwana ndi ogula anzanu a ku msika wa Zomba, a ku Jali ndi a ku Songani, kodi angavomere kuti pa doko pakhale ndowa imodzi ya malita 20 yodindidwa ndi komiti, yoti aliyense aziyezera pogula?