Mpira wa Loweruka ndikaonere kuti muno mu Lusaka?

Wa_ku_Mchinji:
Moni nonse abale anga. Ine kwathu ndi ku Mchinji, ndabwera kuno chifukwa cha ntchito ndipo ndikukhala ku Chilenje kwa asuweni anga koma pakhomo palibe DStv, ndiye Loweruka likubwerali Arsenal ikusewera ndipo zomangoona zigoli pa foni zanditopetsa. Anzanga akuntchito ena akuti tipite ku East Park kapena Arcades, ena akuti ayi mpira umakoma mu bala ya mu komboni. Vuto langa mowa sindimwa, ine ndi Fanta basi, kodi sakandithamangitsa? Nanga jezi ndivale kapena ndiisiye kunyumba? Thandizeni chonde.

Kabwata_Site:
Takulandirani achimwene. Pitani mu komboni, musaganizenso kawiri. Ku ma mall kuli bwino inde, mipando yofewa, ma TV akuluakulu, koma chakumwa chimodzi mtengo wake mugula ziwiri ku Chilenje ndipo anthu ake theka amakhala ali pa foni, chigoli chikalowa amangowomba m'manja pang'ono. Mu bala ya kwathu kuno chigoli chikalowa matebulo amagwedezeka, munthu woti simukumudziwa amakukumbatirani mpaka mowa wa Mosi kukutayikirani pa malaya, ndipo palibe amene amakwiya.

Za Fanta musade nkhawa, mwini bala chomwe safuna ndi munthu wokhala pampando mphindi 90 manja ali m'thumba. Gulani chakumwa chanu, pa hafu taimu tulukani panja pali anyamata owotcha michopo, nyama ya mbuzi yothira anyezi ndi tsabola, idyani ikadali yamoto. Jezi valani ndithu, a Arsenal alipo ambiri muno, kungoti mukaluza a Man United ndi a Chelsea akusekani mpaka mukafike pa geti, muzingoseka nawo chabe.

Koma chachikulu musanakhale pansi funsani ngati ali ndi jenereta kapena sola. Chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba magetsi ankathima maola ambirimbiri pa tsiku, tinaphunzirapo kuti bala yopanda jenereta imakusiyani mu mdima penati ili pafupi kumenyedwa. Nthawi ndi imodzimodzi ndi ya kwanu, kungoti kuno timati 17 hours osati 5 koloko. Gemu ya 3 koloko masana ku England imakhala 17 hours kuyambira kumapeto kwa October mpaka March, miyezi inayo 16 hours. Fikani msanga, apo ayi muonera choimirira kumbuyo kwa mitu ya anthu.

Mudala_wa_Matero:
Mwana wanga, zonse wanena mnzakoyu ndi zoona koma ine chimandiwawa ndi chimodzi, nonse mukungoti Arsenal, Chelsea, ngati kuno kulibe mpira. Ukafuna kudziwa kuti bala ya mu Lusaka ndi chiyani ubwere tsiku limene Chipolopolo, timu ya dziko lathu, ikusewera.

Pa 12 February 2012 ine ndinali mu bala ina ku Matero kuno, fainolo ya Africa Cup ku Libreville m'dziko la Gabon, ife ndi Ivory Coast. Munadzaza moti ena anakwera pa makireti, ena akusuzumira pawindo, azimayi ogulitsa chimanga chootcha panja anasiya mbaula zawo nkulowa. Drogba wa Ivory Coast ataponya penati pamwamba pa golo mdala wina amene ndinakhala naye pafupi anagwada pansi pomwepo nkuyamba kupemphera, botolo lili m'manja. Mpira unatha 0-0, tinapita ku mapenati, Kennedy Mweene goloboyi wathu anamenya yake nkugoletsa, ndiye Stoppila Sunzu atamenya yomaliza ija 8-7, anthu akuluakulu tinalira misozi osachita manyazi. Ana inu mwina simungamvetse chifukwa chake. Ku Gabon komweko ndi kumene ndege inagwera m'nyanja mu April 1993 nkutiphera timu yathu, anyamata aja anaikidwa pafupi ndi Independence Stadium, ndiye kukatenga chikho m'dziko lomwelo, Christopher Katongo nkuchinyamula m'mwamba, eee. Usiku umenewo mu Matero simunagone munthu.

Ndiye ukazolowera malo, uwapemphe eni bala akuikire ligi yathu nthawi zina. Nkana ndi Power Dynamos zikakumana ku Kitwe phokoso lake limafika mpaka mabala a kuno chifukwa a ku Copperbelt adzaza mu Lusaka. Ndipo tsiku lina upite wekha ku bwalo la Nkoloma ukaone Red Arrows kapena la Sunset ukaone Zanaco, si patali.

Amake_Mapasa:
Amudala mwanena bwino koma mwaiwala atsikana athu! Ine ndimapita kukaonera ndi amuna anga ku Kabwata ndipo masiku ano Copper Queens, timu ya dziko ya akazi, ikamasewera bala imadzaza ngati ya amuna yomwe. Mu 2023 anapita ku World Cup koyamba nkuchinya Costa Rica 3-1, ndipo Barbra Banda ndi amene anagoletsa chigoli chimene chinapatsa Orlando Pride chikho ku America mu 2024. Inu a ku Mchinji mukangotchula Temwa Chawinga kuti ndi wa kwanu mwapeza ocheza nawo usiku wonse, mkangano woti wamkulu ndani pakati pa iye ndi Barbra sutha.

Tsono ndikuuzeni ngati mlongo wanu. Foni ikhale m'thumba lakutsogolo makamaka pa nthawi ya chigoli, anthu akamadumpha nkukumbatirana ndi pomwe ena amagwirira ntchito yawo. Musasiye chakumwa patebulo nkupita kuchimbudzi. Ma gemu a Champions League amatha usiku kwambiri, ma minibasi amakhala atasiya kuyenda, ndiye itanani Yango, takisi yoitana pa foni, mukadali mkati osati kukaima pamsewu foni ili pamtunda, ndipo njira zachidule za mumdima zisiyeni ngakhale kunyumba kuli pafupi. China ndi kubetcha, mudzaona anyamata maso ali pa tikiti osati pa mpira, timu yawo yawina koma nkhope zili zakugwa chifukwa makona sanakwane. Ndaona ana a anzanga malipiro a mwezi akuthera momwemo, chonde musayambe nkomwe.

Wa_ku_Mchinji:
Zikomo kwambiri nonse, amudala nkhani yanu yandigwira mtima, ife tinaonera fainolo imeneyo pa Mchinji boma ndipo tonse tinali a Zambia usiku umenewo. Alongo ndamva, za kubetcha ndilibe nazo gawo. A Kabwata_Site kodi michopo amalandira Airtel Money kapena ndinyamule ndalama m'manja?

Kabwata_Site:
Ambiri amalandira koma netiweki imavuta anthu akachuluka, nyamulani zosinthasintha. Mukafika ku Kabwata mundilembere ku inbox, ndikusungirani mpando kutsogolo.