Thandizeni maganizo: ana a bizinesi oti sanagwirepo mausi ndiwayambitse pati?

Membala wobisa dzina

Moni nonse a pagulu pano, a admin chonde iloleni idutse iyi. Ndimaphunzitsa pa kakoleji kena ka pulaiveti kuno ku Dedza boma, dzina sinditchula. Andipatsa ana a chaka choyamba a Business Management ndi Accounting kuti ndiziwaphunzitsa kompyuta yoyambira ija, temu ndi imodzi basi kenako mayeso. Silabasi imene ndapatsidwa ikuyamba ndi mbiri ya kompyuta, ma generation, ma vacuum tube, ma transistor, kenako ma input ndi output device, ndiye Word, pomwe Excel ili kumapeto kwenikweni limodzi ndi PowerPoint ndi imelo. Ndikatsata mmene alembera ndiye kuti Excel tidzaifika mayeso ali pakhomo, chonsecho kwa ine ndi yomweyo imene mwana wa bizinesi akadyere.

Anawo ambiri ndi ochokera m'ma CDSS a ku Linthipe, Bembeke, Mayani, ena Ntcheu uko cha ku Tsangano. MSCE anakhoza bwino ndithu koma Computer Studies sanaitenge poti kwawoko makompyuta kunalibe. Pa foni ndi akatswiri, WhatsApp, Facebook, kutumiza ndalama pa Airtel Money kaya Mpamba amachita osayang'ana n'komwe, koma muwapatse mausi muone. Ukati double click amadina kamodzi, kupuma kaye, kudinanso, ndiye fayilo m'malo motseguka ikufuna kusinthidwa dzina, mwana wadabwa, waitana ine. Mtsikana wina anafika ndi mausi kumapeto kwa desiki n'kungoima pompo kuti sir malo atha. Sindikuwaseka ayi, ndikungofuna muone pomwe ndikuyambira.

Ali 40 m'kalasi, makompyuta oyenda ndi 11, ndiye ana anayi anayi pa imodzi ndipo mukudziwa zimene zimachitika, mnyamata mmodzi amene anazolowera ku kafe amalanda kiyibodi, enawo manja m'majekete poti kuno m'mawa kumazizira zoopsa, akungoonerera. Magetsinso ndi omwewa ozimazima, jenereta alipo koma mafuta amati ndi a ku ofesi. Tsono ndichite bwanji, nditsate silabasi kuti akhoze mayeso kapena ndiitembenuze ndiyambe ndi zimene akagwiritse ntchito? Amene munaphunzitsapo kapena mumalemba ana oterewa ntchito ndithandizeni.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu

Aphunzitsi, musaiwale kuti makolo alipira fizi kuti mwana atenge pepala. Akalephera mayeso palibe adzakufunseni kuti koma Excel amaidziwa? Silabasi musaitaye. Chomwe mungachite, mbiri ija ndi ma device aja alembeni pa mapepala awiri atatu muwapatse aziwerenga kunyumba, muzifunsana masiku amene magetsi azima. Tsiku loti magetsi alipo musaliwononge ndi choko. Funaninso mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo muone kuti mamalikisi ambiri ali pati, silabasi imalemba zonse mofanana koma olemba mayeso ali ndi pomwe amakonda.

Akaunti wa pa hadiweya

Ine ndiyankhula ngati wolandira ana a pa attachment, aja obwera kudzaphunzira ntchito. Bwana aphunzitsi, ma vacuum tube sindinafunsepo munthu. Chimene chimandiwawa ndi ichi, mwana wabwera ndi satifiketi yolembedwa kuti computer literate, ndamupatsa mndandanda wa simenti, malata ndi misomali kuti apange kotesheni ya kasitomala, iye watsegula Excel bwinobwino, wakoka kakyuleta pambali, akuwerengera pamenepo n'kumataipa ma total ndi manja. Kasitomala akuti malata onjezerani akhale 30, mwana wayambiranso kakyuleta kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ameneyo Excel sakuidziwa, waisandutsa kope la mizere basi. Muwaphunzitse kotesheni, invoisi, kusevera ngati PDF kuti kasitomala asasinthe mitengo, ndi kutumiza imelo yokhala ndi mutu. Ena kalata yonse amailemba pa subject, mkatimo mulibe kanthu, attachment aiwala. Akadziwa zimenezi ine ndimulemba ntchito mawa.

Mnyamata wa kabaza

Kkkkk oti malo atha pa desiki ndafa nazo. Koma asisiwo akunena zoona, mausi siinabwere ndi malangizo.

Madamu a ICT, Ntcheu boma

Achimwene ndakhala mu nsapato zomwezo ndiye ndilemba motalika mundipirire. Choyamba sabata yoyamba yonse ikhale ya mausi ndi kiyibodi, musachite nazo manyazi kuti ndi koleji. Atsegulireni Paint ajambule nyumba kaya basi, kukoka ndi kudina kumalowa m'manja mwachangu kuposa kuwalalikira. Pa kiyibodi awonetseni timizere tija totukuka pa F ndi J kuti zala zolozera zimakhala pamenepo, basi, liwiro lidzabwera lokha. Kenako foda, aliyense apange foda ya dzina lake ndipo adziwe kuti chimene wasevacho chapita kuti. Apa ndi pamene ana a foni amasochera kwambiri chifukwa foni imasunga yokha, sanaganizepo kuti fayilo imakhala penapake.

Tsono Excel ine sindiyambira pa kompyuta. Ndimawauza kuti aliyense abwere ndi geni yeniyeni ya kwawo, ndipo kuno palibe mwana amene alibe mayi, amalume kaya mlamu wogulitsa chinachake, mbatatesi, kabichi ndi tomato pa Lizulu, nyemba, kaunjika, mandasi. Timajambula mizere pa bolodi, pamwamba A B C D, m'mbali 1 2 3. Tinene kuti mayi agula matumba 10 a mbatatesi ku Tsangano kuti akagulitse ku Lilongwe. Ndimafunsa kuti atulutsa ndalama zingati, onse amathamangira mtengo wa matumba. Ndiye ndimati nanga thiransipoti? Nanga anyamata okweza ndi kutsitsa? Chiphaso cha msika? Matumba opanda kanthu ndi ulusi wosokera? Nanga ija yowola pansi pa thumba? Kalasi imatentha pamenepo, amayamba kukangana okha poti zimenezi amazidziwa kuposa ine, ndipo mtsikana amene pa kompyuta amakhala chete ndi amene amakuuzani kuti madamu mwaiwala chakudya cha pa ulendo.

Zikadzaza pa bolodi ndiye timapita pa makina. Mu B muli kuchuluka, mu C mtengo, ndiye mu kabokosi ka D2 alembe =B2*C2, akoke kupita pansi, pamapeto =SUM(D2:D8). Akamaliza ndimangoti thiransipoti yakwera, sinthani nambala imodzi yokhayo. Akaona phindu lasintha lokha pansi paja mumamva kalasi yonse kuti aaaa, kuyambira tsiku limenelo simuwakakamizanso. Ndipo ena amazindikira pompo kuti geni ya kwawo ikuyenda pa losi, mwana wina anakhala phee kwa kanthawi atapeza kuti pa thumba mayi ake amatsala ndi ndalama yochepa kuposa imene amalipira wokweza.

VAT ikhale ndi cell, kabokosi kakekake pamwamba, asamailembe mkati mwa fomula iliyonse, chifukwa boma likasintha mlingo adzasintha malo amodzi basi. Apo ndiye mumalowetsa nkhani ya chizindikiro cha dola, $B$1, kuti pokoka fomula isathawe, batani la F4 limaika lokha. Mukaiphunzitsa payokha ngati absolute reference amaloweza n'kuiwala, koma akaona invoisi yawo yatulutsa ziro ziro chifukwa fomula yatsetsereka, saiwalanso. Word ndimaibweretsa pambuyo, kalata yopempha ngongole ya geni yomweyo, CV, ndi PowerPoint kumapeto afotokozere anzawo geniyo. Silabasi yonse mwaikhudza koma mwangosintha ndondomeko.

Mphunzitsi wopuma, Ntcheu

Madamu mwafotokoza bwino, koma ndikutsutsani pamodzi. Mwana woti sanataipepo chiganizo mumuyambitse ma fomula? Ine ndikanayamba ndi Word ngakhale sabata ziwiri kuti adziwe Shift, Enter, Backspace. Mu Excel akalakwitsa kadontho kamodzi zimatuluka zachilendo ndipo mwana wamantha amagwa ulesi.

Madamu a ICT, Ntcheu boma

Bambo ndakumvani, koma ndinaona kuti manambala amataipa msanga kuposa mawu, ndipo Word pachiyambi amangotha ola lonse akusintha mitundu ya zilembo. Mwina zimatengera kalasi. Chachikulu asafike mayeso Excel ataiona kawiri.

Wokonza makompyuta pa Dedza

Biggie mbali ya makina ndithandizepo. Musalole ma fulashi a ana kulowa mwachisawawa, kavayirasi kaja kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut kamayenda ndi fulashi zochokera m'malo opulintira, sabata imodzi labu yonse yadwala. Ntchito azitumiza pa imelo, mwaphunzitsa kale attachment pamenepo. Ngati Office yanu ndi ija yolira laisensi tsiku lililonse ikani LibreOffice, ndi yaulere, Writer ndi Calc zimatsegula mafayilo a Word ndi Excel ndipo ma fomula oyambirawo ndi omwewo, kungoti ma menyu amasiyana ndiye funsani kaye ngati mayeso ake amafuna Microsoft yeniyeni. Za magetsi, Ctrl+S ilowe m'magazi, muzingokuwa pakati pa kalasi kuti sevani! Word imasunga yokha kope la pangozi (AutoRecover) pa mphindi 10 zilizonse koma mutha kutsitsa ku Options pa Save zifike 2. Komanso dziwani kuti Windows 10 a Microsoft anasiya kuitumizira ma update a chitetezo pa 14 October 2025, ndiye makina akalewo asamalowerepo ku banki. Oti sakuyakawo mwawatsegula? Nthawi zambiri ndi fumbi pa RAM kapena power supply, pa makina atatu akufa mumatha kudzutsa imodzi.

Mayi wa banki mkhonde

Ine si mphunzitsi koma mwana wanga anaphunzira zimenezi ndipo pano ndi amene amatilembera za gulu, masheya, ngongole, chiwongola dzanja, pogawana mu December sitikangananso ngati kale. Amachitira pa foni pomwe. Bwanji osawauza aike Google Sheets kaya WPS pa mafoni awo aziyeserera kunyumba? Ambiri akamaliza sukulu laputopu sadzaigula msanga, foni ndi imene ali nayo.

Akaunti wa pa hadiweya

Mayi foni ndi yabwino poyeserera koma ku intavyu sakakupatsa foni, amakukhazika pa desktop. Zonse ziwiri aphunzire. Ndipo si onse ali ndi foni yaikulu, ena ndi tija ta mabatani, bandulonso ndi ndalama.

Membala wobisa dzina

Zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti muyankha chonchi. Madamu a ku Ntcheu njira ya mbatatesi ndaikonda, ndiyamba nayo Lolemba, mbiri ya kompyuta ndichita mmene anenera bambo aja, ya masiku a mdima. Mayeso ndafunsa, pulakatiko yake ndi ya Microsoft Office ndiye LibreOffice mwina ndiike pa makina awiri okha amene akuvutawo. Koma funso lina latsala, pa anayi okhala pa kompyuta imodzi ndidziwa bwanji kuti aliyense wagwiradi? Ntchito ya pagulu imabwera yokongola koma ndikudziwa kuti wapanga ndi mmodzi, ndipo atsikana ndi amene akutsalira kwambiri, ukawafunsa amangoti tamva sir.

Madamu a ICT, Ntcheu boma

Odziwa kale aja muwachotse muwaike gulu lawolawo ndi ntchito yovutirapo, asasakanikirane ndi oyamba kumene. Kapena mukawasiya m'magulu lamulo likhale loti wodziwayo manja kumbuyo, azifotokoza ndi pakamwa pokha, akagwira mausi gulu lonse lataya malikisi. Ikani alamu pa foni, mphindi 12 zikakwana asinthane mpando. Atsikana poyamba ndimawaika okhaokha, amamasuka ndipo ena amadzawapitirira anyamatawo. Poyesa, mmodzimmodzi pa makina, mphindi zochepa, mwamupatsa katundu asanu apange invoisi. Pochonga simuvutika, sinthani nambala imodzi, total ikapanda kusuntha ndiye kuti wataipa ndi manja.

Wa ku banki, Lilongwe koma kwathu ku Golomoti

Chimodzi chomwe palibe watchula, patulani tsiku limodzi la chitetezo. Ana amenewa akagwira ndalama za anthu. Pasiwedi isakhale chaka chobadwa kapena dzina la chibwenzi, PIN ya Mpamba kaya Airtel Money sapatsa munthu ngakhale atayimba kunena kuti ndi wa ku ofesi, ndipo uthenga woti ndatumiza ndalama molakwika bwezani aziyamba aona balansi. Pa kompyuta ya pagulu azituluka mu imelo akamaliza, mudzapeza theka la kalasi lasiya Gmail yotsegula. Awuzeninso kuti manambala ndi maina a makasitomala si zomwaza pa ma gulu a WhatsApp, pano pali lamulo la Data Protection la 2024. Potumiza imelo kwa makasitomala ambiri agwiritse BCC kuti wina asaone adiresi ya mnzake.

Mnyamata wa kabaza

Aphunzitsi nanga ife oti tinalekera Fomu 3 mungatilandire Loweruka? Ndikufuna ndizidziwa ngati njinga ikundipatsa phindu kapena ndikungogwirira mafuta ndi abwana.

Membala wobisa dzina

Achimwene a kabaza Loweruka labu amakhoma, makiyi amakhala ndi akuluakulu, koma lembani kaye m'kope sabata yonse, zolowa mbali ina, mafuta, chakudya, zokonzetsa ndi za abwana mbali ina, mukabwere nazo pano tikuwonetsani pa foni. A okonza makompyuta ndakulemberani ku inbox, makina akufawo alipo 6 mu sitolo, mungadzawaone liti ndipo mumatchaja bwanji pa imodzi?